Mankhwala akakumana m'madzi, dzira la nsomba limaona zotani?

Dzira la kansomba kotchedwa zebrafish limangopitirira pang'ono milimita imodzi kukula kwake, ndipo ndi loonekera mkati. Ukaliika pa maikulosikopu umaona zonse zimene zikuchitika popanda kulibowola. Likakumana ndi umuna m'madzi ofunda madigiri 28, pamapita mphindi pafupifupi 45 kuti selo loyamba ligawikane, kenako maselo amangogawikana pa mphindi 15 zilizonse. Pofika ola la 17 mchira wayamba kupiringizika wokha. Tsiku limodzi likamakwana mtima wayamba kugunda. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kamwanako kamatuluka m'dzira kali ndi thumba la chakudya pamimba, ndipo pa tsiku lachisanu kamayamba kusaka chakudya pakokha. N'chifukwa chake ofufuza za poizoni wa m'madzi amakakonda kansomba kameneka. M'masiku ochepa amaona thupi lonse likumangidwa, ndipo pena pakalakwika amaona nthawi yomweyo.

Amene amagwira ntchito yomanga thupiyi ndi maenzaimu. Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi. Ina imadula mamolekyu, ina imawalumikiza, ina imasintha chinthu chosasungunuka m'madzi kuti chisungunuke n'kutuluka m'thupi. Pa enzaimu iliyonse pali kamalo pamene chinthu chimene ikugwirapo ntchito chimakhala. Chinthu chachilendo chikakhala pamalopo n'kukakamira, ntchito imaima. Mankhwala ambiri ophera tizilombo anapangidwa dala kuti azichita zimenezi.

Tsono mluza wa nsomba, kamwana kamene kadakali m'dzira, suthawa. Nsomba yaikulu ikamva madzi oipa ikhoza kusambira n'kupita kwina, koma dzira limakhala pamene laikiridwa, kaya pamiyala, pa udzu, kapena likuyandama pamwamba pa nyanja. Kakhungu kamene kamakuta dziralo kali ndi timabowo, ndipo mankhwala ambiri amadutsa mosavuta. Madziwo sabweranso ndi mtundu umodzi wa mankhwala. Mtsinje umodzi ukhoza kunyamula mankhwala ophera tizilombo ochokera m'minda, zitsulo zosungunuka zochokera kumigodi, mafuta ndi mwaye zokokoloka m'misewu, komanso zotsalira za mankhwala akuchipatala zimene zadutsa m'mapaipi a zonyansa. Koma malamulo ambiri oteteza madzi amaika malire a mtundu uliwonse paokha, ngati kuti mumtsinjemo muli iwo okha basi. Vuto lagona pamenepa.

Tochepatochepa timaphatikizana

Pali njira ziwiri zakalekale zolosera mphamvu ya mankhwala osakanikirana. Yoyamba inachokera kwa Loewe ndi Muischnek mu 1926. Iwo anati mankhwala awiri akamagunda malo amodzi m'thupi, amangophatikizana ngati kuti ndi mtundu umodzi. Yachiwiri ndi ya Chester Bliss ya mu 1939, yokhudza mankhwala amene amagunda malo osiyana, aliwonse kumawononga mwa njira yake. Zimene zapezeka mu labotale zikaposa zimene masamuwa alosera, ndiye kuti mankhwalawo akukolezana. Zikachepa, akufooketsana.

Anthu ambiri amachita chidwi ndi kukolezana, koma ine ndimaona kuti kuphatikizana wamba n'kumene tiyenera kukuopa poyamba, chifukwa kumachitika paliponse. Tiyerekeze kuti m'madzi muli mitundu 10 ya mankhwala amene onse amatseka enzaimu imodzi, ndipo mtundu uliwonse uli pa gawo limodzi mwa magawo 5 a malire ake. Lipoti la labotale lidzasonyeza kuti palibe mtundu umene wadutsa malire. Koma kwa enzaimuyo, magawo 10 amenewa akaphatikizana akupanga kawiri mlingo umene lamulo linkafuna kupewa.

Zimenezi si zongowerengera papepala. Mu 2002, Elisabete Silva, Nissanka Rajapakse ndi Andreas Kortenkamp ku London anasakaniza mitundu 8 ya mankhwala amene amatengera mahomoni achikazi, uliwonse pa mlingo wochepa woti paokha sunkaonetsa kanthu. Atasakaniza, mphamvu inaoneka poyera. Iwo anagwiritsa ntchito maselo a yisiti, koma mu 2005 Jayne Brian ndi anzake anayesa mitundu 5 pa nsomba zamoyo zotchedwa fathead minnow. Nsomba zamphongo zinayamba kupanga vitellogenin, puloteni ya chakudya cha m'dzira imene imayenera kupangidwa ndi zazikazi, ndipo kuchuluka kwake kunagwirizana ndi masamu a kuphatikizana aja.

Enzaimu ya minyewa ndi alonda ake

Minyewa ikamauza minofu kuti ikoke, imatulutsa kanthu kotchedwa acetylcholine. Uthengawo ukangofika, kanthuka kayenera kuchotsedwa msangamsanga kuti mnofu umasuke, ndipo ntchito imeneyi ndi ya enzaimu yotchedwa acetylcholinesterase, mwachidule AChE. Ndi imodzi mwa maenzaimu achangu kwambiri, imadula mamolekyu masauzande pa sekondi imodzi. Mankhwala a m'gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, diazinon ndi malathion, komanso a m'gulu la carbamate monga carbaryl ndi carbofuran, amakakamira pa enzaimu imeneyi. Acetylcholine amaunjikana, minofu imangokoka osamasuka. Mluza wotere umagwedeza mchira pafupipafupi kuposa anzake, kenako umayamba kunjenjemera, pomaliza n'kungoti gwaa. Kwa mluza vutoli limapitirira pa kusuntha. Ofufuza ataona miluza ya zebrafish imene jini yake ya AChE inali yowonongeka, anapeza kuti minofu yake ndi minyewa ina zinkakula molakwika. Enzaimuyi imathandizira kumanga thupi lenilenilo.

Kuyeza AChE n'kosavuta. Amapera tiana ta nsombato, n'kuthira mankhwala amene amasanduka achikasu enzaimu ikamagwira ntchito. Njirayi inafotokozedwa ndi George Ellman mu 1961 ndipo ikugwirabe ntchito lero. Chikasu chikamabwera mochedwa, enzaimu yatsekedwa.

Popeza mankhwala onsewa amagunda malo amodzi, munthu angayembekezere kuti azingophatikizana. Cathy Laetz ndi anzake a ku NOAA, bungwe la boma la United States loona za nyanja ndi nyengo, anayesa zimenezi pa tiana ta nsomba za coho salmon, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Anatenga mitundu 5 imene ndatchula ija n'kumaisakaniza iwiriiwiri. Zosakaniza zambiri zinatseka AChE kuposa mmene masamu analoserera, ndipo zina, makamaka zimene munali malathion pamodzi ndi organophosphate wina, zinapha nsomba pa milingo imene mtundu umodzi paokha sunaphe. Izi zinali nsomba zobadwa kale, osati miluza, koma maenzaimu ake ndi omwewo.

Chinsinsi chake chili pa gulu lina la maenzaimu lotchedwa carboxylesterase. Malathion amadziwika kuti saopsa kwambiri kwa nyama zoyamwitsa chifukwa maenzaimu amenewa amamudula asanafike ku minyewa. Koma ma organophosphate ena amatseka carboxylesterase. Zili ngati akuba awiri, wina n'kumanga mlonda, mnzake n'kulowa m'nyumba mtima uli m'malo. Kukolezana kotereku kunadziwika kale m'zaka za m'ma 1950, pamene ofufuza anaona kuti mankhwala otchedwa EPN amachititsa malathion kukhala woopsa kwambiri kwa nyama zoyamwitsa.

Palinso gulu lalikulu la maenzaimu lotchedwa cytochrome P450, ndipo nkhani yake ndi ya mbali ziwiri. Nthawi zambiri amasukulutsa poizoni. Koma chlorpyrifos ndi anzake amalowa m'thupi ali ofooka, ndipo P450 yemweyo ndi amene amawasandutsa mtundu wotchedwa oxon, umene umatseka AChE mwamphamvu. Ndiye taonani zimene zimachitika ndi piperonyl butoxide, mankhwala otseka P450 amene amaikidwa dala m'mankhwala ena ophera tizilombo. Akakumana ndi ma pyrethroid, gulu lina la mankhwala ophera tizilombo, amawonjezera ukali wawo, chifukwa thupi limalephera kuwachotsa. Akakumana ndi chlorpyrifos, kuyesa kochitidwa pa tizilombo ta m'madzi kwasonyeza kuti amachepetsa ukali wake, chifukwa oxon uja sapangika. Mankhwala amodzimodziwo, enzaimu yomweyo, koma zotsatira n'zosemphana. Simungalosere zimenezi pongoyang'ana mndandanda wa malire, muyenera kudziwa njira imene mankhwala aliwonse amadutsa m'thupi. Mankhwala oteteza mbewu ku nkhungu a m'gulu la azole, monga prochloraz, nawonso amatseka P450. Paokha angaoneke ofatsa kwa nsomba, koma amasintha mphamvu ya anzawo.

Pamene nambala yotsika ikubisa tsoka

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri m'nkhani yonseyi ndi ya enzaimu ina ya m'gulu lomweli, yotchedwa CYP1A. M'mafuta osayenga, m'phula, m'mwaye ndi mu creosote wotetezera matabwa muli mankhwala ambirimbiri otchedwa PAH. Ena mwa iwo akalowa m'selo amamatirira pa puloteni yotchedwa AhR, ndipo iyo imapita kukadzutsa majini kuti selo lipange CYP1A yambiri yoti iphwanye mankhwalawo. Popeza enzaimuyi imakwera kwambiri nsomba ikakumana ndi mafuta, kwa zaka zambiri yakhala chizindikiro chodalirika cha madzi oipitsidwa. Amaiyeza ndi njira yotchedwa EROD. M'miluza ya nsomba za killifish amatha kuyeza dzira lili lamoyo. Amathira m'madzi kanthu kamene CYP1A ikakadula kamasanduka kowala, kowalako kamakasonkhana m'chikhodzodzo cha mluzawo, ndipo pa maikulosikopu ya kuwala kwapadera kamaoneka ngati kadontho kofiira. Kadonthoko kakawala kwambiri, enzaimu ikugwira ntchito kwambiri.

Deena Wassenberg ndi Richard Di Giulio a ku Duke University anafunsa funso losavuta. Ngati CYP1A ndi imene imasandutsa ma PAH ena kukhala oopsa, monga zimadziwikira pa nkhani ya khansa, kodi kuitseka sikungateteze mluza? Mu 2004 anafalitsa zimene anapeza, ndipo zinali zosiyana ndi zimenezo. Atasakaniza mankhwala odzutsa AhR ndi ena otseka CYP1A, kadontho kaja kanazilala, koma miluza inapunduka kwambiri. Mitima inatalika n'kukhala ngati kachingwe, madzi anadzaza m'thumba lozungulira mtima. Awiri mwa mankhwala amene amachita zimenezi, benzo[a]pyrene wodzutsa ndi fluoranthene wotseka, amapezekera limodzi m'matope a malo ambiri oipitsidwa. CYP1A ikatsekedwa, mankhwala odzutsa aja sachoka, amangokhalabe akukankha AhR tsiku ndi tsiku, ndipo kudzutsidwa kosalekezaku n'kumene kumasokoneza kakulidwe ka mtima ndi mitsempha ya magazi. Zofanana nazo zinadzapezekanso m'miluza ya zebrafish.

Ganizirani tanthauzo lake kwa munthu amene akuyeza madzi a mumtsinje. Wapeza EROD yotsika. Zikhoza kutanthauza kuti madziwo ndi abwino, zikhozanso kutanthauza kuti ndi oipa kwambiri moti enzaimu yoteteza yatsekedwa. Nambala yokhayo siingasiyanitse. Ayenera kuyang'ananso mtima wa mluzawo, komanso kuona ngati jini ya CYP1A yadzuka pamene enzaimu yake ili chete.

Chotseka enzaimuyo sichikhala mankhwala nthawi zonse. CYP1A imafuna mpweya wa okosijeni kuti igwire ntchito, choncho m'madzi amene okosijeni wachepa, ma PAH ena amapundula miluza kwambiri. Madzi olandira feteleza ndi zonyansa zambiri ndi amene amasowa okosijeni, ndipo kawirikawiri ndi omwewonso amene amalandira mafuta. Dzuwa nalo limalowerera. Ma PAH ena akakhala m'thupi loonekera mkati n'kuombedwa ndi kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV, amatulutsa mamolekyu olusa amene amaphulitsa maselo. Sitima ya Cosco Busan itataya mafuta ku San Francisco Bay mu 2007, mazira a nsomba za herring amene anaikiridwa m'madzi osaya a m'mphepete mwa gombe anapezeka atafa, minofu yake itachita kusungunuka, pamene amene anali m'madzi akuya sanaonongeke chomwecho.

Si zonse za mafuta zimadutsa pa AhR. Ma PAH ang'onoang'ono monga phenanthrene amagunda mtima mwachindunji. Pambuyo pa ngozi ya Deepwater Horizon ya mu 2010, pamene mafuta ambiri anatayikira m'nyanja ku Gulf of Mexico, kafukufuku wa mu 2014 pa maselo a mtima wa nsomba za tuna anasonyeza kuti mafutawo amatseka timipata todutsa potaziyamu n'kusokonezanso kayendedwe ka kashiamu m'selo. Mtima umagunda pang'onopang'ono komanso mosalongosoka. Kwa mluza izi n'zoopsa pawiri, chifukwa mtima umaumbika bwino pokhapokha ukamapopa bwino. Magazi akamayenda mofooka madzi amaunjikana m'thupi, nsagwada ndi maso zimakula moperewera, msana umapindika. Dontho limodzi la mafuta limakhala ndi mankhwala ogunda njira zonsezi nthawi imodzi.

Zitsulo zili ndi njira zakezake. Kopa amatseka enzaimu imene imapopa sodiyamu ndi potaziyamu, imene nsomba ya m'madzi opanda mchere imadalira kuti isataye mchere wa m'thupi. Amachedwetsanso kutuluka m'dzira. Nthawi yotuluka ikakwana, mluza umatulutsa enzaimu imene imafewetsa kakhungu ka dzira kuchokera mkati, kenako umamenya mchira mpaka kakhunguko katang'ambika. Mukaika pamodzi chitsulo chochedwetsa kutulukaku ndi mankhwala ofooketsa minofu, mbali zonse ziwiri za ntchitoyo zakhudzidwa. Koma zitsulo zimathanso kufooketsana. Kadimiyamu amalowera pa timipata ta kashiamu, choncho m'madzi a kashiamu wambiri amalowa wochepa. Zinki amapikisana naye polowa, amachititsanso thupi kupanga metallothionein, puloteni imene imamanga zitsulo kuti zisaononge.

Pali malo amodzi pamene pafupifupi mankhwala onsewa amakumana. Zitsulo, mankhwala ophera tizilombo ndi mafuta, zonse zimachulukitsa mamolekyu olusa a okosijeni m'maselo. Thupi limawazimitsa ndi maenzaimu monga superoxide dismutase, catalase ndi glutathione peroxidase, pogwiritsanso ntchito kanthu kotchedwa glutathione. Nkhokwe ya glutathione ndi imodzi, ndipo aliyense amatapa momwemo. Kawirikawiri poizoni akakhala wochepa maenzaimuwa amakwera, akachuluka amagwa. Apanso wowerenga malipoti achenjere, chifukwa mzere umene unakwera n'kuyamba kutsika umadutsa pa mlingo wooneka ngati wa nsomba yathanzi. Miluza ya zebrafish ilinso ndi pampu yotchedwa Abcb4 imene imakankhira mankhwala ena kunja kwa maselo. Mankhwala ena osaopsa paokha amaitangwanitsa pampuyi, anzawo oopsa n'kuunjikana mkati.

Kodi kukolezana kumachitika kawirikawiri bwanji? Mu 2014 Nina Cedergreen wa ku University of Copenhagen anaunika kafukufuku wambiri wa zosakaniza za mitundu iwiriiwiri. Anapeza kukolezana koonekeratu pa 7 peresenti ya zosakaniza za mankhwala ophera tizilombo, 3 peresenti ya zitsulo, ndi 26 peresenti ya mankhwala opaka pansi pa sitima. Nthawi zambiri mphamvu sinkaposa ka 10 mlingo woloseredwa. Chimene chimandilimbikitsa n'chakuti pa mankhwala ophera tizilombo, 95 peresenti ya kukolezana konseko kunakhudza magulu awiri okha, otseka AChE ndi ma azole. Zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa palibe amene angayese zosakaniza zonse. Mitundu 20 yokha imapanga magulu 190 a iwiriiwiri, ndipo mukawerenga zosakaniza zonse zotheka zimapitirira 1 miliyoni. Chotheka n'kuphatikiza magawo a mankhwala onse amene apezeka m'madzi, kenako n'kuikapo diso lapadera pamene papezeka otseka maenzaimu osukulutsa poizoni.

Tiana timene tapulumuka

Njira yovomerezeka yoyesera poizoni pa miluza ndi imene bungwe la mayiko ambiri lotchedwa OECD linakhazikitsa mu 2013, ya nambala 236. Amaika mazira a zebrafish lililonse m'kadzenje kake, 20 pa mlingo uliwonse, kwa maola 96. Amayang'ana zinthu zinayi zosonyeza imfa, zomwe ndi dzira kuundana n'kuyera, timagawo ta msana kusapangika, mchira kusalekana ndi thumba la chakudya, ndi mtima kusagunda. Ndi njira yabwino, yachangu, ndipo yachepetsa nsomba zazikulu zimene zinkaphedwa poyesa. Ikhozanso kugwiritsidwa ntchito pa madzi enieni otungidwa mumtsinje, zomwe zimaonetsa mphamvu ya zonse zimene zilimo, ngakhale zimene makina sanazizindikire.

Koma kuwerenga imfa kokha kumaphonya zambiri. Nsomba yaikulu minofu yake ikauma ndi organophosphate imalephera kupopa madzi opumira n'kufa. Mluza umapuma kudzera pakhungu, choncho ukhoza kuuma thupi lonse mtima n'kumagundabe, ndipo pa pepala udzalembedwa kuti uli moyo. Chiwindi chakenso chimayamba kugwira ntchito mokwanira patapita masiku angapo, kutanthauza kuti mankhwala amene amadalira P450, kaya kuti akalipe kapena asukuluke, angachite zosiyana pa tsiku loyamba ndi pa tsiku lachinayi. N'chifukwa chake ma labotale ambiri amayezanso kugwedeza kwa mchira, kagundidwe ka mtima ndi kasambiridwe.

Zina zimabisala mpaka kalekale maola 96 aja atadutsa. Mu 2011 ofufuza a NOAA anaika miluza ya zebrafish m'madzi a mafuta ochepa kwa masiku awiri okha, n'kuilera m'madzi oyera. Patapita pafupifupi chaka, nsombazo zinkaoneka bwinobwino, koma mitima yake inali yobulungira kuposa ya zinzake ndipo zinkalephera kusambira mwamphamvu. Ku Alaska, sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Prince William Sound mu March 1989, ofufuza a ku Auke Bay analera mazira a pink salmon m'madzi odutsa pamiyala yopakidwa mafuta. Tiana timene tinatuluka tikuoneka tathanzi anatiika zizindikiro n'kutitulutsira kunyanja, n'kudikira kuti aone tingati tibwerere titakula. Pa gulu limene linakumana ndi ma PAH okwana magalamu 5.4 pa malita 1 miliyoni a madzi, nsomba zimene zinabwerera zinachepa ndi 15 peresenti poyerekeza ndi zimene zinaleredwa m'madzi oyera.